Kupeza njira panyanja poyang'ana nyenyezi ndi mapulaneti: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndakhala ndikufunsidwa ndi ana asukulu, anansi ndi abale kuno ku Lusaka, makamaka usiku umene magetsi azima ndipo thambo la mzinda uno laonekanso monga limaonekera kumudzi. Ambiri mwa ofunsawo sanaionepo nyanja yamchere, koma pafupifupi zonse zimene woyendetsa sitima amachita ndi nyenyezi zingathe kuyesedwa pabwalo la nyumba ku Chilenje kapena ku Matero. Ndayankha m'njira yoti munthu atuluke panja akadzionere yekha.

Kodi nyenyezi, imene ili kutali chotero, ingamuuze bwanji munthu pamene ali?

Yankho lagona pa mfundo imodzi, ndipo zina zonse zimachokera pa mfundoyo. Pa nthawi iliyonse, nyenyezi iliyonse imakhala ndendende pamwamba pa malo amodzi a dziko lapansi, moti munthu woima pamalopo amaiona pa liwombo pake. Amene ali kutali ndi malowo amaiona itapendekeka, ndipo akamatalikirabe, nyenyeziyo imatsikirabe mpaka kubisika, chifukwa dziko ndi lobulungira. Kuchokera pa chizimezime, pamene thambo limaoneka ngati lakhudza madzi, kufika pa liwombo, pali madigiri 90. Nyenyezi ikapendekeka ndi digiri imodzi kuchoka pa liwombo, ndiye kuti munthuyo watalikirana ndi malo aja mamailosi a panyanja 60, amene ndi makilomita pafupifupi 111, pakuti mailosi imodzi ya panyanja ndi mamita 1,852.

Taganizirani za Findeco House kumapeto kwa Cairo Road. Anthu onse amene atalikirana nayo mofanana, wina ali cha ku Kamwala, wina cha ku Kanyama, amadzutsa mutu mofanana kuti aone nsonga yake, ndipo mutawalumikiza ndi chingwe angapange mzere wozungulira nyumbayo. Woyendetsa sitima akayeza nyenyezi imodzi amadziwa zokhazo: kuti ali penapake pa mzere wozungulira malo amene nyenyeziyo yaima. Akayeza yachiwiri, ya mbali ina ya thambo, amapeza mzere wachiwiri, ndipo pamene mizereyo yadutsana ndi pamene pali sitima. Yachitatu imatsimikiza kuti sanalakwitse.

Ife a ku Lusaka tili ndi mwayi wa chitsanzo chooneka ndi maso. Sirius, nyenyezi yowala koposa zonse za usiku, imadutsa pa liwombo pa malo amene ali pafupifupi madigiri 16.7 kumwera kwa ikweta, pamene mzinda wathu uli pa madigiri 15.4. Mukadzuka cha m'ma 05:00 pakati pa Okutobala, kapena kutuluka cha m'ma 21:00 pakati pa Febuluwale mitambo itakulolani, mudzaipeza ili pamutu penipeni, itangotsamira pang'ono kumwera. Kutsamira kochepako kukutanthauza kuti mzere umene imadutsa uli makilomita pafupifupi 145 kumwera kwathu, ndipo anthu a ku Choma ndiwo amaiona pafupifupi pa liwombo lenileni.

Nanga woyendetsa sitima amafunika zida zotani?

Zofunika ndi zitatu. Choyamba ndi sextant, chida chogwira m'dzanja limodzi chimene chili ndi magalasi awiri. Munthu amayang'ana chizimezime, kenaka amasuntha mkono wa chidacho mpaka chithunzi cha nyenyezi, chobwera kudzera m'magalasi aja, chitsike ndi kukhudza mzere wa madzi, ndipo amawerenga madigiri pa chitsulo chokhota cha m'munsi. Ubwino wake ndi wakuti sitima ikamagwedezeka, nyenyezi ndi chizimezime zimagwedezeka pamodzi m'diso, osalekana. Chida choyamba cha mtundu umenewu chinapangidwa ndi John Hadley ku London ndiponso Thomas Godfrey ku Philadelphia cha m'ma 1730, aliyense payekha, ndipo sextant yeniyeni, yotha kuyeza mpaka madigiri 120, inabwera m'zaka za m'ma 1750.

Chachiwiri ndi wotchi yosunga nthawi ya ku Greenwich, dera la mu mzinda wa London, mosaphonya. Chachitatu ndi buku la chaka chilichonse lotchedwa Nautical Almanac, limene limanena malo amene dzuwa, mwezi, mapulaneti ndi nyenyezi zaima pamwamba pake pa ola lililonse. Loyamba linali la chaka cha 1767, lokonzedwa ndi Nevil Maskelyne, ndipo likutulukabe. Mwa nyenyezi zikwi zingapo zimene diso lingaone, bukuli lasankhamo 57 zowala bwino ndi zomwazikana thambo lonse, kuwonjezerapo Polaris.

Nambala imene yawerengedwa pa sextant siigwiritsidwa ntchito yosakonza. Munthu woima pamwamba pa sitima yaikulu amaona chizimezime chitatsika kusiyana ndi amene ali m'bwato, ndipo mpweya umakhotetsa kuwala kotero kuti nyenyezi ya m'munsi imaoneka yokwera kuposa pamene ili. Pa chizimezime penipeni kukhotako kumapitirira theka la digiri, ndiye kuti dzuwa limene timaliona likukhudza chizimezime madzulo limakhala litalowa kale.

N'chifukwa chiyani amati nyenyezi zimayezedwa m'bandakucha ndi m'chisisira mokha?

Chifukwa pamafunika kuona zinthu ziwiri nthawi imodzi, nyenyezi ndi chizimezime. Masana nyenyezi sizioneka, ndipo pakati pa usiku mzere wa madzi umasowa mumdima. Mpata wake ndi waufupi, makamaka m'madera otentha ngati athu kumene mdima umagwa msanga, choncho woyendetsa wosamala amawerengeratu nyenyezi zimene adzayeze ndi mbali imene zidzaonekere, kuti nthawi ikakwana angoloza ndi kuyeza.

Mabuku amatchula kwambiri Polaris. Ili kuti pa thambo la Lusaka?

Kuno siioneka, ndipo musadzivutitse kuifunafuna. Polaris ili pafupifupi pamwamba pa nsonga ya kumpoto ya dziko, motero anthu a kumpoto kwa ikweta amaiona itaima malo amodzi usiku wonse, ndipo kukwera kwake kuchokera pa chizimezime kumafanana ndi latitude yawo, ndiko kuti madigiri amene atalikirana ndi ikweta. Ku London imakwera madigiri 51 ndi theka, pa ikweta imagona pa chizimezime, ndipo kwa ife yabisika madigiri 15 kunsi kwa nthaka.

Ife tili ndi Mtanda wa Kumwera, umene mabuku amautcha Southern Cross kapena Crux, pamodzi ndi nyenyezi ziwiri zowala zoulozera, Alpha ndi Beta Centauri. Kumapeto kwa Meyi cha m'ma 20:00 mtandawu umaima chilili pakati pa chizimezime ndi liwombo. Tengani utali wa mtengo wake wautali, kuchokera kumutu kufika kuphazi, muupitirize kanayi ndi theka kupyola phazi. Pamene mwafikapo palibe nyenyezi yowala, koma ndipo pamene thambo lonse la kumwera limazungulira. Mukatsitsa diso molunjika kuchokera pamenepo kufika pansi, kumeneko ndiko kumwera kwenikweni. Tambasulani mkono, mufumbate chibakera: chimaphimba madigiri pafupifupi 10. Mudzapeza kuti malo opanda kanthuwo ali chibakera chimodzi ndi theka pamwamba pa chizimezime, ndipo imeneyo ndiyo latitude ya Lusaka, yoyezedwa ndi dzanja lanu. Mwana wa mlongo wanga atayeza zimenezi koyamba anabwereza katatu osakhulupirira, kenaka anafunsa kuti, “Amalume, ndiye tikapita ku Livingstone malowa akwera?” Amakweradi, ndi madigiri awiri ndi theka.

Kodi dzuwa nalonso limathandiza?

Limathandiza kwambiri, ndipo muyezo wa masana ndiwo wakhala maziko a ulendo wa tsiku lililonse panyanja. Woyendetsa amalitsatira ndi sextant likukwera, mpaka liime kanthawi lisanayambe kutsika, ndipo kuchokera pa kukwera kwake kwakukuluko amapeza latitude popanda kufuna wotchi yolondola kwenikweni.

Zimenezi mungaziyese ndi ndodo ya mita imodzi yoimikidwa chilili pa simenti yosalala. Pa 21 Juni dzuwa limakhala pamwamba pa madigiri 23.4 kumpoto kwa ikweta. Tsiku limenelo mthunzi waufupi koposa wa ndodoyo kuno ku Lusaka umakhala masentimita pafupifupi 80, woloza kumwera, kusonyeza kuti dzuwa lakwera madigiri 51.2 ndipo latsala ndi 38.8 kuti lifike pa liwombo. Mukachotsa 23.4 pa 38.8 mutsala ndi 15.4. Chenjezo limodzi ndi lakuti ife tili pakati pa mizere ya madera otentha, choncho dzuwa la masana silikhala mbali imodzi chaka chonse. Limadutsa pa liwombo pathu kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, ndipo pakati pa masiku amenewo limakhala kumwera, mthunzi n'kuloza kumpoto. Woiwala zimenezi amawonkhetsa pamene anayenera kuchotsa.

Ngati latitude ndi yosavuta chotero, n'chifukwa chiyani longitude inavuta kwa zaka mazana?

Chifukwa longitude, imene ndi madigiri amene munthu watalikirana ndi Greenwich kum'mawa kapena kumadzulo, ndi nkhani ya nthawi. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, kapena digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse, ndipo thambo limene munthu wa kum'mawa akuliona tsopano, wa kumadzulo adzaliona lomwelo pambuyo pake. Aliyense wa kwathu ku Chipata amene anasamukira mu mzinda uno amadziwa kuti kumudzi kumacha msanga ngakhale wotchi ndi imodzi. Chipata ili madigiri anayi ndi kanthu kum'mawa kwa Lusaka, choncho dzuwa limafika pakati pa thambo kumeneko mphindi 17 lisanatero kuno, ndipo ku Mongu limachedwa ndi mphindi pafupifupi 20.

Potengera chaka chonse, dzuwa limafika pamwamba pake ku Lusaka cha m'ma 12:07, pamene ku Greenwich ili 10:07. Kwatsala ola limodzi ndi mphindi 53 kuti masana afike kumeneko, zimene ndi mphindi 113, ndipo mukazigawa ndi 4 mupeza madigiri 28 ndi kagawo kum'mawa, longitude ya mzinda wathu. Nthawi ya masana enieniyi imasuntha ndi mphindi mpaka 16 malinga ndi nyengo, koma buku lija la Nautical Almanac limanena kusunthako tsiku ndi tsiku. Masamu ake ndi omwewo basi. Chovuta chinali kudziwa nthawi ya ku Greenwich uli pakati pa nyanja, pakuti mawotchi akale oyendera chitsulo cholendewera sakanatha kuyenda bwino m'sitima yogwedezeka, m'chinyezi, m'kutentha ndi m'kuzizira. Wotchi ikaphonya masekondi 4, sitima imene ili pa ikweta yasokera mailosi imodzi, ndipo ikaphonya mphindi yathunthu, yasokera makilomita pafupifupi 28.

Mu Okutobala 1707 sitima zinayi zankhondo za Britain zinagunda miyala pa zilumba za Scilly oyendetsa asakudziwa bwino pamene anali, ndipo anthu oposa 1,400 anamira. Mu 1714 nyumba ya malamulo ya dzikolo inalonjeza mphoto yofika mapaundi 20,000 kwa wopeza njira yodalirika. John Harrison, mmisiri wa matabwa amene anadziphunzitsa yekha kupanga mawotchi, anathera moyo wake pa ntchitoyi, ndipo wotchi yake yachinayi, yotchedwa H4, imene anaimaliza mu 1759, inayesedwa pa ulendo wa ku Jamaica mu 1761 ndipo inapambana. James Cook anatenga ina yopangidwa motengera imeneyo pa ulendo wake wa 1772 mpaka 1775. Panalinso njira ina yopezera nthawi poyeza mtunda wa pakati pa mwezi ndi nyenyezi, pakuti mwezi umayenda pakati pa nyenyezi ngati muvi wa wotchi, koma masamu ake anali aatali ndi otopetsa, ndipo inasiyidwa mawotchi atatsika mtengo. Greenwich yeniyeniyo inavomerezedwa kukhala poyambira kuwerenga longitude pa msonkhano wa mayiko ku Washington mu 1884.

Nanga mapulaneti ali ndi ntchito yanji, ndipo ndingawasiyanitse bwanji ndi nyenyezi?

Anayi ndiwo amagwiritsidwa ntchito: Venus, Mars, Jupiter ndi Saturn. Mercury imakhala pafupi kwambiri ndi dzuwa, ndipo enawo ndi ozirala. Venus ndiyo nthanda imene makolo athu ankadzukira popita kumunda kapena poyamba ulendo wautali, ndipo ndi yomweyonso imene miyezi ina imawala kumadzulo dzuwa litangolowa. Siitalikirana ndi dzuwa kupitirira madigiri pafupifupi 47, n'chifukwa chake simudzaiona pa liwombo pakati pa usiku. Venus ndi Jupiter amakondedwa chifukwa amaoneka msanga chizimezime chikadali chakuthwa, ndipo wodziwa poyang'ana amatha kuyeza Venus ngakhale masana.

Nyenyezi zimaphethira, pamene mapulaneti kawirikawiri amawala modekha. Kusiyana kwakukulu n'kwakuti nyenyezi sizisinthana malo: Nsangwe ndi Akamwiniatsatana zili monga agogo athu anazionera. Mapulaneti amayendayenda pakati pa nyenyezi, motsata njira yomweyo ya dzuwa ndi mwezi, Jupiter akumazungulira thambo m'zaka pafupifupi 12 ndipo Saturn m'zaka 29 ndi theka. Choncho nthanda siingaloweredwe pamtima ngati chizindikiro cha mbali imodzi, ndipo popanda buku la chaka chimenecho siiuza munthu malo ake.

Kodi anthu ankayenda bwanji zida zimenezi zisanakhaleko?

Pa nyanja ya Indian, imene ili pafupi ndi ife, amalinyero a Chiarabu, a Chiswahili ndi a ku India ankayenda pakati pa Kilwa, Zanzibar, Mombasa, Oman ndi India potsata mphepo zosinthasintha ndi nyengo. Chida chawo chinali kamal, kathabwa kokhala ndi chingwe cha mfundomfundo. Munthu ankaluma mfundo ya doko limene akufuna, n'kutambasula kathabwako mpaka chingwe chikungike, ndipo m'munsi mwake mukakhudza madzi, m'mwamba mukakhudza nyenyezi, ankadziwa kuti wafika pa mzere wa dokolo, n'kukhotera kum'mawa kapena kumadzulo. Ahmad ibn Majid analemba za luso limeneli kumapeto kwa zaka za m'ma 1400, ndipo Vasco da Gama anawoloka kupita ku Calicut mu 1498 atatenga wolondolera njira ku Malindi.

Anthu a pa zilumba za Pacific ndiwo amandigometsa koposa, chifukwa analibe pepala kapena chitsulo. Ankaloweza malo amene nyenyezi iliyonse imatulukira ndi kulowera, pakuti nyenyezi imatulukira malo amodzimodzi chaka chonse, ndipo ina ikakwera kwambiri ankatenga yotsatira yotulukira pomwepo. Ankawerenganso mafunde, mitambo ndi mbalame. Mu 1976 Mau Piailug wa ku chilumba cha Satawal anatsogolera bwato la Hōkūleʻa kuchokera ku Hawaii kukafika ku Tahiti, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000, popanda kampasi kapena sextant. Dzina la bwatolo ndi la nyenyezi ya Arcturus, imene imadutsa pa liwombo pa Hawaii, ndipo imene imadutsa pafupi ndi liwombo pa Tahiti ndi Sirius yathu yomwe ija.

Bwanji kukachita mitambo masiku ambiri?

Owerenga Baibulo akudziwa za ngalawa ya Paulo pa Machitidwe 27, pamene dzuwa ndi nyenyezi sizinaoneke masiku ambiri mpaka anthu anataya chiyembekezo. Zikatero woyendetsa amangodalira kuwerengera: mbali imene kampasi ikuloza, liwiro la sitima ndi maola amene apita. Kuwerengerako kumasokera pang'onopang'ono chifukwa cha mphepo ndi kukoka kwa madzi, choncho amadikira ndi sextant m'manja kuti mtambo ungong'ambika. Mu 1916 Frank Worsley anatsogolera kabwato ka James Caird, ali ndi Ernest Shackleton, makilomita pafupifupi 1,300 kuchokera ku Elephant Island kukafika ku South Georgia atayeza dzuwa kanayi kokha. Ndipo mu Disembala 1837 Thomas Sumner, atayeza dzuwa kamodzi kokha pafupi ndi gombe la Wales, anawerengera katatu poyerekeza malatitude osiyana n'kuona kuti mayankho onse agona pa mzere umodzi. Pamenepo ndipo panabadwira njira ya mizere yodutsana, imene Marcq St Hilaire wa ku France anaikonzanso mu 1875.

Kodi luso limeneli linagwirapo ntchito m'dziko lopanda gombe ngati lathu?

Mapu oyamba a dziko lino olembedwa ndi manambala anachokera ku nyenyezi. Mu 1798 Francisco de Lacerda, katswiri wa zakuthambo wotumidwa ndi Portugal, anachoka ku Tete, kudutsa m'dziko la Amaravi ndi kuwoloka Luangwa akuyeza malo, mpaka anamwalirira kwa Kazembe. David Livingstone anaphunzira kuyeza kwa Thomas Maclear wa ku Cape Town, amene ankamukonzeranso masamu ake, ndipo dzina la Cape Maclear pa nyanja ya Malawi linachokera pamenepo. Popeza pamtunda mapiri ndi mitengo zimabisa chizimezime, oyenda otere ankathira mercury, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira, m'kambale n'kuyeza kuchokera pa nyenyezi kufika pa chithunzi chake m'kambalemo, kenaka n'kugawa pawiri. Beseni la madzi odekha, kapena mbale ya mafuta akuda a galimoto, imagwira ntchito yomweyo pakhonde. Pa nyanja zathu, monga Tanganyika ku Mpulungu ndi Kariba ku Siavonga, gombe silikhala kutali kwambiri, choncho chimene msodzi wa kapenta amafuna kwa nyenyezi ndi mbali yolowera pobwerera usiku, osati manambala.

Popeza kuli GPS, pali chifukwa chophunzirirabe zimenezi?

GPS imalondola kufika pa mamita ochepa, pamene katswiri wa sextant amakondwa akafika pa mailosi imodzi kapena ziwiri, ndipo palibe woyendetsa wanzeru amene angaizimitse dala. Koma uthenga wake umachokera ku masetilaiti amene ali makilomita oposa 20,000 kumwamba, umafika wofooka, ndipo ungathe kutsekerezedwa kapena kunamizidwa, monga zachitikira sitima pa nyanja za Baltic ndi Black Sea. Mphezi, moto kapena madzi zingaphenso magetsi a m'sitima. Sukulu ya asilikali a panyanja ya ku Annapolis ku America inabwezeretsa phunziroli mu 2015, ndipo pangano la mayiko la STCW la 1978, limene limalamulira maphunziro a oyendetsa sitima, limafunabe kuti woyendetsa wa panyanja zazikulu azitha kupeza malo ake ndi zakuthambo. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Zambia wofuna ntchito imeneyi adzakumana nalo pa mayeso, ndipo tonsefe tili ndi gawo m'nkhaniyi, pakuti mafuta, feteleza ndi mkuwa wathu zimadutsa pa madoko a Dar es Salaam, Beira, Nacala, Durban ndi Walvis Bay.

Ndingayambire pati ndilibe sextant?

Yambani mu Meyi, mvula itatha ndipo utsi wa moto wa tchire usanadzaze thambo, ndipo ngati n'kotheka tulukani mu mzinda cha ku Chongwe kapena kupitirira Leopards Hill kumene kulibe nyali. Cha m'ma 19:30 mudzaona Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana, akutsikira kumadzulo. Nyenyezi yotsogola mwa zitatuzo, Mintaka, imalowa pafupifupi ndendende kumadzulo ndipo imatuluka ndendende kum'mawa kulikonse padziko. Ikani chizindikiro pa mpanda pamene yalowera, mupezenso kumwera ndi Mtanda, ndipo muone ngati mbali ziwirizo zapanga ngodya yoongoka ngati ya nyumba.

Kenaka yesani wotchi yanu. Khalani pa mpando umodzimodzi, diso litatsamira pa felemu ya windo, musankhe nyenyezi yowala imene ikupita kukabisika kuseri kwa denga la mnansi kapena kwa thanki ya madzi, ndipo mulembe ola, mphindi ndi sekondi imene yazimiririka. Mawa lake idzabisika mphindi 3 ndi masekondi 56 msanga, mkuja chimodzimodzi, ndipo pakatha masiku khumi kusiyanako kudzakhala mphindi 39 ndi masekondi pafupifupi 20. Wotchi yanu ikanena zina, yolakwa ndi wotchiyo, ndipo mwadziwa kuti imathamanga kapena kuchedwa ndi masekondi angati pa tsiku. John Harrison ndi mng'ono wake James ankayesa mawotchi awo oyamba m'njira yomweyi kumudzi kwawo ku Barrow, pogwiritsa ntchito windo la nyumba yawo ndi chumuni cha mnansi.